Momwe Mungapezere Tanthauzo la Mawu Achikale ndi Osowa a Chingerezi

Munthu amene amawerenga Baibulo la King James, masewero a William Shakespeare, makalata a amishonale oyambirira kapena zikalata zakale za malo amakumana ndi mawu ovuta a mitundu iwiri. Pali mawu ooneka achilendo kungowaona, monga "besom" limene ndi tsache, kapena "kine" limene ndi ng'ombe zazikazi, ndipo mawu otere savutitsa kwenikweni chifukwa wowerenga amazindikira nthawi yomweyo kuti sakuwadziwa, n'kupita kukawafufuza. Palinso mawu odziwika bwino monga "let", "prevent" ndi "meat", amene kalembedwe kawo sikanasinthe koma tanthauzo lawo linasuntha m'kupita kwa zaka. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umasocheretsa anthu ambiri, popeza palibe amene amaganiza zotsegula dikishonale pa liwu limene analiphunzira ali ku pulayimale. Njira imene ndikufotokoza pano imathandiza pa mitundu yonse iwiri, koma ndikhalitsa pa wachiwiriwu.

Chinthu choyamba kuchita, musanakhudze n'komwe dikishonale, ndicho kudziwa nthawi imene cholembedwacho chinalembedwa. Akatswiri amagawa mbiri ya Chingerezi m'zigawo zikuluzikulu. Chingerezi chakale kwambiri, chimene chinkalankhulidwa mpaka cha m'ma 1100, n'chosiyana ndi cha lero moti ngakhale Mngelezi wobadwira ku London sangachiwerenge popanda kuchiphunzira ngati chilankhulo china. Chapakati, cha m'nthawi ya wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer amene anamwalira mu 1400, chinadzaza ndi mawu a Chifalansa chifukwa cha Anomani ochokera ku France amene analanda England mu 1066. Kenaka pali cha kuyambira cha m'ma 1500 kufika cha m'ma 1700, chimene ndi cha Shakespeare ndi Baibulo la King James la mu 1611, ndipo ndi chimenechi chimene ambiri a ife timakumana nacho kusukulu ndi kutchalitchi. Yang'anani chaka pa tsamba loyamba la buku, koma samalani kuti musatenge chaka chimene bukulo linasindikizidwanso m'malo mwa chaka chimene linalembedwa. Kumbukiraninso kuti olemba ena ankalemba mwachikale mwadala. Omasulira a mu 1611 anatsamira kwambiri pa ntchito ya William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chinatuluka mu 1526, choncho Chingerezi chawo chinali chikumveka kale chachikale kwa anthu a m'nthawi yawo yomweyo.

Mukadziwa nthawi, konzani kalembedwe ka liwulo, chifukwa mawu ambiri amene amaoneka osowa ndi mawu wamba olembedwa mwanjira ina. M'mabuku osindikizidwa chisanafike chaka cha 1800, chilembo cha s chinkalembedwa chachitali kumayambiriro ndi pakati pa liwu, ndipo chimafanana kwambiri ndi f. Kusiyana kwake n'kwakuti f ali ndi kamzere kodutsa mbali zonse ziwiri, pamene s wamtaliyo ali ndi kamzere kumanzere kokha kapena alibiretu. Zilembo za u ndi v zinkatengedwa ngati chilembo chimodzi, v akumayamba liwu ndipo u akumakhala pakati, n'chifukwa chake mudzapeza "vnto" ndi "haue" m'malo mwa "unto" ndi "have". Chimodzimodzinso i ndi j. Liwu lakuti "ye" nalo lili pawiri: pena ndi mlowam'malo wotanthauza inu, koma pena, monga m'mawu akuti "ye olde", ndi "the" chabe, ndipo y ameneyo akuimira chilembo chakale chotchedwa thorn chimene chinkamveka ngati th. Mukaona liwu lachilendo, liwerengeni mokweza, chotsani e wakumapeto, sinthanitsani zilembo zimenezi, ndipo nthawi zambiri liwu lodziwika limatulukira lokha. Mabaibulo a King James amene amagulitsidwa masiku ano ambiri amatsatira kalembedwe kamene kanakonzedwa ku Oxford mu 1769, kotero vuto la zilembo mulibe, koma mawu enieniwo anasiyidwa momwe analili.

Chachitatu ndicho kuphunzira kagulu kakang'ono ka mawu a galamala amene amabwerezabwereza pa tsamba lililonse, chifukwa kuwaloweza kamodzi kumapulumutsa nthawi yambiri. "Thou", "thee", "thy" ndi "thine" ndi mawu olankhulira munthu mmodzi, pamene "ye", "you" ndi "your" poyamba anali a anthu ambiri. Apa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi woposa Mngelezi wa lero, popeza kusiyana kwa iwe ndi inu amakudziwa kuyambira ali mwana. M'masewero a Shakespeare, "you" ankagwiranso ntchito ya ulemu polankhula ndi munthu mmodzi wamkulu, ndipo "thou" linali la mnzako wapamtima, mwana, wantchito, kapena munthu amene ukufuna kumunyoza. Choncho munthu wa m'sewero akasintha mwadzidzidzi kuchoka pa "you" kupita pa "thou", dziwani kuti chinachake chachitika pakati pa awiriwo, kaya ndi chikondi kaya ndi mkwiyo. Anthu ambiri amaganiza kuti "thou" ndi liwu la ulemu waukulu chifukwa amalimva m'mapemphero okha, koma ulemu umenewo unadza pambuyo pake, liwulo litatha m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. M'Baibulo la King James lamulo lake ndi la chiwerengero basi: pa Yohane 3:7 Yesu akulankhula ndi Nikodemo yekha pamene akunena "thee", koma "ye" amene akutsatira m'chiganizo chomwecho ndi wa anthu ambiri, ndipo Chingerezi cha lero sichitha kuonetsa kusiyana kumeneku.

Aneni ndi osavuta. Mathero a "-est" amayenda ndi "thou", pamene "-eth" ndi "-s" wa masiku ano, kotero "goeth" ndi "goes", "hath" ndi "has", "doth" ndi "does". Mukafuna mneni wotere mu dikishonale, dulani matherowo kaye. Ochepa okha ndi amene ayenera kulowezedwa paokha, monga "wist" limene limatanthauza kuti anadziwa ndi "wot" limene limatanthauza kuti akudziwa. Palinso mawu olozera malo amene amayenda atatuatatu: "hither", "thither" ndi "whither" amanena za kumene munthu akupita, ndiye kuti kuno, uko ndi kuti, pamene "hence", "thence" ndi "whence" amanena za kumene akuchokera. Mawu oyamba ndi "here-", "there-" ndi "where-" amamasuka mosavuta mukawatembenuza, kuika "this" m'malo mwa "here", "that" m'malo mwa "there" ndi "which" m'malo mwa "where", moti "thereof" amakhala "of that" ndipo "wherein" amakhala "in which". Limodzi lokha lofunika kusamala nalo ndi "wherefore", limene silifunsa malo koma chifukwa. M'sewero la Shakespeare la Romeo and Juliet, pamene Juliet akuti "wherefore art thou Romeo", sakufunafuna kumene Romeo wabisala; akudandaula kuti n'chifukwa chiyani mnyamata amene wamukonda ali Romeo wa banja la adani awo.

Tsopano tafika pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi kukayikira mawu amene mukuganiza kuti mukuwadziwa. Chizindikiro chake ndi ichi: mwamva liwu lililonse m'chiganizo, koma chiganizo chonsecho chikupereka ganizo lopotoka, kapena lotsutsana ndi zimene ndimeyo ikunena. Zikatero musadumphe, ndipo musadzinamize kuti ndi mmene anthu akale ankalankhulira mophiphiritsa. Imani, sankhani liwu limene likusenza ganizo lopotokalo, ndipo mulifufuze ngati kuti simunalionepo.

Tengani chitsanzo cha "prevent" pa 1 Atesalonika 4:15, pamene pakunenedwa kuti amoyo "shall not prevent" amene anagona. Ndi tanthauzo la lero, vesili likumveka ngati likunena za kuletsa akufa, zimene sizikugwirizana ndi nkhani ya Paulo yotonthoza ofedwa. Liwuli linachokera ku mawu awiri a Chilatini otanthauza kubwera patsogolo, ndipo mu 1611 linkatanthauza kutsogolera. Ganizo la kuletsa linakula kuchokera pomwepo, pakuti amene wakutsogolera panjira angathe kukutsekera. Liwu la "let" ndi loopsa koposa chifukwa linkatha kutanthauza zosemphana ndi za lero: pa Aroma 1:13 Paulo akunena kuti "was let", kutanthauza kuti analetsedwa kubwera. Kwenikweni anali aneni awiri osiyana amene anadzafanana kalembedwe, ndipo wotanthauza kuletsayo anatsalira m'mawu a pa pasipoti ya ku Britain akuti "without let or hindrance" komanso m'masewera a tenisi. "Suffer" linkatanthauzanso kulola, monga pa Marko 10:14 pamene Yesu akuuza ophunzira kuti alole ana adze kwa iye. "Quick" linali wamoyo, "want" kusowa, "conversation" makhalidwe a munthu, "careful" wodera nkhawa, ndipo "carriage" pa Machitidwe 21:15 ndi katundu wa paulendo, osati ngolo.

Mawu a zakudya amafuna chidwi chapadera. "Meat" linali chakudya chilichonse, n'chifukwa chake pa Genesis 1:29 zitsamba ndi zipatso zikutchedwa "meat", ndipo nsembe imene Levitiko amaitcha "meat offering" inali ya ufa, yopanda nyama ngakhale pang'ono. "Corn" ku Britain ndi dzina la mbewu ya maso imene imalimidwa kwambiri m'dera, makamaka tirigu. Wowerenga wa kuno, amene anazolowera Chingerezi cha ku America cha pa wailesi yakanema, mmene "corn" ndi chimanga, amaona minda ya chimanga akamawerenga za Yosefe ku Iguputo kapena za ophunzira akubudula ngala tsiku la Sabata, komatu chimanga ndi mbewu ya ku America imene sinafike ku Ulaya, Africa ndi Asia mpaka pambuyo pa 1492. Mwa Shakespeare namonso muli misampha yotereyi: "fond" kawirikawiri ndi wopusa, "still" ndi nthawi zonse, "presently" ndi nthawi yomweyo, "doubt" pena ndi kuopa kapena kuganizira, ndipo "cousin" ndi wachibale aliyense wosakhala wa m'nyumba mwenimweni. Liwu la "nice" linayenda ulendo wautali kuposa onse, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mbuli, kudzera pa wopusa, wovuta kumukondweretsa ndi wosamala tinthu ting'onoting'ono, mpaka kufika pa chabwino cha m'zaka za m'ma 1700.

Mukatsimikiza liwu loti mufufuze, sankhani dikishonale yoyenera ntchitoyo. Madikishonale a ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary imene imapezeka m'sukulu zambiri, analembedwa kuti aphunzitse Chingerezi cha lero, choncho amaika patsogolo tanthauzo lofala ndipo matanthauzo akufa amawasiya. Imeneyi si mbali yoperewera ya madikishonalewo, koma kungoti ntchito yawo ndi ina. Chimene mukufuna ndi dikishonale ya mbiri ya mawu, ndipo yaikulu pa onse ndi Oxford English Dictionary, imene inayamba kutuluka pang'onopang'ono mu 1884, n'kumalizidwa mu 1928, ndipo kope lake lachiwiri la mu 1989 lili ndi mavoliyumu 20. Kuti muiwerenge yonse pa intaneti pamafunika kulipira, kotero ndi bwino kufunsa ngati laibulale ya koleji imene muli nayo pafupi ili ndi mwayi woitsegula. Zaulere ziliponso zabwino. Online Etymology Dictionary imafotokoza mwachidule kumene liwu linachokera ndi nthawi imene tanthauzo lililonse linayamba kuoneka. Dikishonale ya Samuel Johnson ya mu 1755 ndi ya Noah Webster ya mu 1828 zonse zili pa intaneti, ndipo zimathandiza kwambiri pa zolembedwa za m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, kuphatikizapo mabuku a apaulendo monga David Livingstone. Pa Chaucer gwiritsani ntchito Middle English Dictionary ya University of Michigan, pa Shakespeare pali mndandanda wa mawu ake umene C. T. Onions anatulutsa mu 1911, ndipo pa mawu a ku Scotland, amene amapezeka m'zolemba za amishonale a ku Blantyre ndi Livingstonia, pali madikishonale a Chiskoti amene anasonkhanitsidwa pamalo amodzi pa intaneti.

Kawerengedwe ka dikishonale ya mbiri n'kosiyana ndi kamene tinazolowera. Musaime pa tanthauzo loyamba. Tsikani ndi mndandanda wonse, mukuyang'ana zaka zimene zalembedwa pambali pa zitsanzo, ndipo muchotse tanthauzo lililonse limene linayamba pambuyo pa chaka cha cholembedwa chanu. Pa otsalawo, ikani lililonse m'chiganizo chanucho ndi kuona limene likugwirizana ndi ziganizo zoyandikana nacho. Werenganinso zizindikiro zimene akonzi amaika. "Obsolete" ndi liwu lakufa, ndipo mu Oxford English Dictionary limaonetsedwanso ndi kachizindikiro kooneka ngati mtanda patsogolo pake. A Merriam-Webster, osindikiza madikishonale a ku America, amaika chizindikiro cha "obsolete" pa liwu limene palibe umboni woti linagwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1755. "Archaic" ndi liwu lachikale limene likupezekabe m'mapemphero, m'ndakatulo kapena m'malamulo. "Dated" ndi limene agogo a ku England akadalinenabe koma adzukulu awo analisiya, "dialectal" ndi la dera limodzi, ndipo "rare" ndi limene silinafalepo n'kale lomwe. Mbiri ya liwu ikuthandizeni kumvetsa ulendo wake, koma isakupangitseni kuganiza kuti tanthauzo loyambirira ndilo loona ndipo enawo ndi olakwika. Tanthauzo loona ndi limene wolemba ndi owerenga ake ankalidziwa m'chaka chimenecho.

Pambuyo pake funani mboni yachiwiri. Pa Baibulo zimenezi n'zosavuta kwa ife, chifukwa mungatsegule vesi lomwelo mu Buku Lopatulika la mu 1922 kapena mu Buku Loyera, ndipo mudzapeza "sindidzasowa" pamene Salmo 23 likuti "I shall not want", kawirikawiri mudzapeza tirigu pamene pali "corn", ndi chikondi pamene 1 Akorinto 13 akuti "charity". Chenjezo lake n'lakuti Mabaibulo onsewa akumasulira uthenga wochokera ku Chiheberi ndi Chigiriki, choncho pena kusiyana kwawo kumachokera pa mmene omasulira anamvera mawu oyambirirawo, osati pa kusintha kwa Chingerezi. Pa zolembedwa zina, mboni yabwino koposa ndi wolemba mwiniyo: fufuzani malo ena amene anagwiritsa ntchito liwu lomwelo, zimene n'zosavuta ngati bukulo lili pa kompyuta, ndipo muone ngati tanthauzo lanu likukwanira m'malo onsewo. Google Books Ngram Viewer imaonetsa nthawi imene liwu linafala ndi imene linazilala, ngakhale kuti makina ake amawerenga s wamtali uja ngati f m'mabuku akale.

Mawu a miyeso ndi ndalama amangofunika kuwasandutsa manambala. "Score" ndi 20, kotero "threescore years and ten" a pa Salmo 90 ndi zaka 70. "Fortnight" ndi masiku 14 ndipo "sennight" ndi masiku 7. "Furlong" ndi mayadi 220, pafupifupi mamita 201, "fathom" ndi mafiti 6, "guinea" ndi mashiling'i 21, ndipo pamafunika ma "farthing" 4 kuti akwane peni imodzi. M'makalata akale a m'maofesi, "inst." ndi mwezi uno, "ult." mwezi watha, "prox." mwezi wa mawa.

Chingerezi cha malamulo n'chimene chasunga mawu achikale ambiri amoyo, ndipo popeza malamulo a Malawi ndi Zambia anamangidwa pa maziko a malamulo a ku England, mudzawapeza m'zikalata za lizi, za wilo ndi za ngongole. "Forthwith" ndi mosazengereza, "notwithstanding" ndi ngakhale pali zakutizakuti, "save" kawirikawiri ndi kupatula, "chattels" ndi katundu wosunthika, ndipo lizi ikanena kuti idzachita "determine" ikutanthauza kuti idzatha. Dikishonale ya malamulo, monga Black's Law Dictionary imene inayamba kutuluka mu 1891, imathandiza kumvetsa, koma ngati chikalatacho mukuyenera kusainira, funsani loya, chifukwa makhoti anapatsa ena mwa mawuwa matanthauzo opapatiza amene dikishonale wamba sinena.

Za mawu osowa amene amazungulira pa Facebook ndi WhatsApp m'mindandanda yokongola, ndinganene kuti muziwakayikira kaye mpaka mutapeza umboni. Ena ndi enieni koma tanthauzo lawo lakometsedwa kuti lisangalatse. Ena anangopezeka m'madikishonale a mawu ovuta a m'zaka za m'ma 1600, kuyambira pa ya Robert Cawdrey ya mu 1604, pamene akonzi ankakoperana mawu opangidwa kuchokera ku Chilatini amene palibe ankawalankhula. Enanso ndi atsopano kotheratu, monga "sonder" limene wolemba wina dzina lake John Koenig analipeka yekha cha m'ma 2012. Ngakhale madikishonale akuluakulu amalakwitsa: ya Webster ya mu 1934 inali ndi liwu lakuti "dord", limene linabadwa pamene wina anawerenga molakwika kapepala kolembedwa "D or d", kamene kankangonena chidule cha liwu la "density", ndipo cholakwikacho chinadziwika mu 1939. Mayeso ake ndi amodzi: pezani chiganizo chenicheni, cha wolemba wodziwika ndi chaka chodziwika, chimene liwulo likugwira ntchito, osati chimene chikungolifotokoza.

Pomaliza, sungani zimene mwapeza m'kope lanu, ndipo pa liwu lililonse lembani chiganizo chimene munalipezamo, buku ndi chaka chake, tanthauzo la nthawi imeneyo m'Chichewa, ndi tanthauzo la lero ngati likusiyana. Mawu amene anasintha tanthauzo apatseni masamba awoawo, popeza ndi amene mudzawaiwale msanga. Lembaninso chizindikiro cha dikishonale pambali pa liwu lililonse, kuti tsiku limene mudzakhale mukulemba kalata yofunsira ntchito kapena mayankho a mayeso mudzadziwe kuti "whilst" ndi "henceforth" akadaloledwa m'kalembedwe ka m'maofesi, koma "anon", "betwixt" ndi "methinks" wowerenga wa lero adzawatenga ngati nthabwala.